Malume Afuna Benchi

Bambo Tobias, nesi wa m'wodi ya mafupa pachipatala china ku Mississauga m'dziko la Canada, anatsika basi ku North York Lachitatu masana ali ndi cholinga chimodzi chokha: kuti Luke, mwana wa mlongo wawo, asachoke pabenchi mu timu ya yunivesite. Zaka zisanu zapitazo, pabwalo la ndege ku Lilongwe, analonjeza mlongo wawoyo, mayi Agnes, kuti mwana adzabwerera ali ndi digiri, mano onse ndi mawondo awiri, pomwe mpira wa kuno, uja wooneka ngati papaya, ndi umene umadzaza wodi yawo chaka chilichonse masamba akayamba kuyoyoka.

Ntchitoyo ikanatha m'mphindi ziwiri, koma a Tobias ndi munthu wamwambo, sapempha chinthu mwachindunji. Komanso ndi mkulu wa mpingo, sanama. Amene ankakamuona anali Christabel, kochi wa ma running back, anyamata aja amene amapatsidwa mpira m'manja kuti aboole nawo khamu la anzawo olemera ngati matumba awiri a chimanga aliyense. Christabel anachoka ku Chipata ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Chinyanja anabwera nacho, koma luso lomva zimene munthu sananene linatsalira kumudzi.

Mu kaofesi kake munali bolodi loyera lokhala ndi timaginito tinayi ta mayina, kuyambira pamwamba: Malcolm, Harry, Luke, Owen. Wapamwamba ndiye amayamba masewera, ndiyenso amagundidwa kwambiri. Wachitatu nthawi zambiri amabwerera kunyumba malaya ali oyera. A Tobias anayang'ana dzina la Luke pamalo achitatupo ndi chikondi chachikulu.

"Ankolo a Luke, khalani apo," anatero Christabel. "Ndili ndi maminitsi fifitini. Practice iyamba three."

A Tobias anakhala, chipewa pabondo. Anafunsa za moyo, za makolo ake ku Brampton, za mvula ku Chipata, ndi za mmene galimoto ikuyendera. Christabel anayankha kuti bwino kanayi, kenako n'kuyang'ana wotchi.

"Atsala ileveni. Mwabwera kudandaula kuti Luke sasewera?"

"Ine kudandaula? Ayi, akochi. Ndimangodutsa."

"Mukupita kuti?"

"Kunyumba."

"Mumakhala ku Mississauga, mumagwira ntchito ku Mississauga. North York si njira."

"Misewu ya kuno imakhota," anatero a Tobias. Analoza bolodi ndi chipewa. "Bolodi lanuli ndi lokongola. Amene analikonza anakhala pansi n'kuganiza. Kwathu chinthu chikakhala bwino chonchi sitichigwedeza."

"Ndiligwedeza lero. Malcolm wabinya mwendo."

Zimenezi a Tobias ankazidziwa kale. Luke anazitchula dzulo lake akudya, ngati nkhani wamba, ndipo malume wakeyo anasiya kudya pomwepo. Ndicho chifukwa anasinthana shifiti ndi mnzawo n'kukwera mabasi awiri.

"Kubinya ndi kanthu kakang'ono," anatero. "Miyendo ali nayo iwiri."

Christabel anatsegula kabuku. "Ndinu nesi wa mafupa, eti? Watupa pakakolo, akuponda motsimphina. Monga nesi mukuti asewere Loweruka?"

A Tobias anayang'ana kudenga. Kudengako kunalibe thandizo.

"Monga nesi," anatero motsitsa mawu, "apume masabata awiri."

"Zikomo maningi. Ndimakayika."

Anadzuka, n'kuchotsa Malcolm pamwamba, n'kumuika pansi penipeni. Ena onse anakwera. Luke anali wachiwiri tsopano, ndipo amene anamukweza ndi malume wake, pasanathe ngakhale mphindi khumi chikhalireni pampando.

"Chabwino, chabwino," anatero a Tobias, akupukuta pamphumi. "Mwamwayi muli ndi Harry. Ndinamuona mnyamata ameneyo. Wodekha, wotambalala ngati chitseko cha tchalitchi. Ameneyo mumupatse mpira kuyambira poyamba mpaka pomaliza, asausiyire wina."

"Harry amatchinga bwino woponya mpira, zimenezo ni zoona. Koma akaunyamula yekha amapita mayadi atatu chabe."

"Pang'onopang'ono ndi mtolo."

"Kuno timapatsidwa mwayi katatu kuti tipeze mayadi teni. Atatu katatu ni naini, ankolo. Mtolo sukwana."

"Nanga Owen? Mwana wooneka wakhama."

"Owen ni wa chaka choyamba. Sabata yatha anathamangira mbali yolakwika."

"Koma anathamanga?"

"Maningi. Palibe anamugwira, ngakhale ife."

A Tobias anaona kuti kutamanda ana a eni kwakanika, ndiye anatembenukira ku njira ina yakale. Kwathu ukafuna kuti mwana asapatsidwe ntchito yoopsa, umamunyozako pang'ono pamaso pa wopereka ntchitoyo, ndipo munthu woleredwa bwino amamva n'kusankha wina. Bodza silifunika ayi, mwana aliyense ali ndi mbiri yake yoipa. Anakhosomola, n'kusendeza mpando pafupi.

"Akochi, ndikuuzeni zoona za Luke, poti ndinu ngati mwana wanga. Mwana ameneyu ndi wosamva. Ali wamng'ono ku Dedza, nthawi yosamba ikakwana, pakhomo pankakhala nkhondo. Akuluakulu asanu kumuthamangitsa mkati mwa mpanda, osamugwira."

Christabel anatenga cholembera. "Mpanda waukulu bwanji?"

"Ah, kampanda. Ngati maofesi anu ano atatu."

"Anthu asanu, malo opanikiza. Ankawazungulira kapena ankadutsa pakati?"

"Pakati penipeni, mopanda ulemu. Amakuyang'ana kumanzere, iwe n'kupita kumanzere, iye wadutsa kumanja. Agogo ake aamuna anagwera m'khola la nkhuku."

"Anali ndi zaka zingati?"

"Zisanu ndi chimodzi. Mukulemba chiyani?"

"Zimene mukukamba."

"Ndikunena kuti ndi wosamva."

"Ndalemba. Pitirizani."

A Tobias anapitiriza, poganiza kuti mwina nkhaniyo inali yaing'ono kwambiri. Anasankha yaikulu, imene mayi Agnes amaikamba mpaka lero akafuna kusonyeza kuti ana aamuna alibe nzeru.

"Alibenso nzeru zodziteteza. Tsiku lina mayi ake anamutuma mazira kumsika wa Lizulu, thireyi yathunthu. Pobwera, njinga ya kabaza inamugunda kumbuyo. Anauluka, n'kugwera m'ngalande. Chigongono magazi, bondo magazi, dzino kugwedera. Mwana wanzeru amataya mazira n'kugwira pansi. Iye ayi."

Cholembera chinaima. "Anasweka angati?"

"Ndicho ndikunena. Ngakhale limodzi."

"Mazira sate?"

"Makumi atatu, onse athunthu. Mwaona kupusa kwake?"

Christabel anatsamira kumbuyo n'kuyang'ana bolodi nthawi yaitali. Anafotokoza, ngati akudzilankhulira, kuti chaka chino timu yagwetsa mpira kasanu, katatu Malcolm, kawiri Harry, ndipo masewera awiri anawaluza chifukwa cha zimenezo. Luke ananyamula mpira ka khumi ndi kamodzi kokha osaugwetsa, koma iye ankati mwina ndi mwayi chabe, poti kunyamula kochepa chonchi sikuuza munthu chilichonse.

"Ndi mwayi," anatero a Tobias msanga. "Mwayi weniweni."

"Mazira sate si mwayi, ankolo."

"Nyengo," anatero a Tobias, atagwira china. "Mwaganizapo za nyengo? Loweruka akuti kuzizira kwambiri. Uyu ndi mwana wa ku Africa."

"Amaopa kuzizira?"

A Tobias anafuna kuvomera, koma likanakhala bodza. Ukulu wa mpingo ndi katundu wolemera.

"Sindinati amaopa. Ndati ndi wa ku Africa."

"Ine ndine wa ku Africa. Sinowo pakhomo panu amachotsa ndani?"

"Iyeyo."

"Amavala magolovesi?"

"Amawaiwala. Mwaona? Woiwalaiwala."

"Manja osavala, pa sinowo, fosholo osaigwetsa," anatero Christabel akulemba. "Pakhomo panu pokha?"

"Ndi pa nyumba zina zitatu za okalamba. Samva ndikamuletsa."

Apa a Tobias anayamba kukwiya, ndipo chimene chinkawakwiyitsa kwambiri chinali chakuti mtsikanayo sankachita mwano. Ankamvetsera bwino kuposa mpingo wawo wonse. Mawu aliwonse ankawatola n'kuwaika m'kabuku, koma chimene chinali kuseri kwa mawuwo ankachisiya pomwepo.

Christabel anadzuka, n'kugwira kamaginito ka Luke, koma sanakasunthe.

"Chatsala chimodzi," anatero. "N'chifukwa chake ndinamusiya wachitatu nthawi yonseyi. Ndikamakamba naye sandiyang'ana. Amayang'ana nsapato zake. Ndikafunsa ngati pali funso, amakhala chete. Malcolm amatsutsa, Harry amafunsa, Luke amangoti yes coach. Ine ndinaona kuti mwina ma play, mapulani a kaseweredwe aja, sakuwamva, kapena mtima wofuna kusewera alibe. Munthu wosadziwa play sindingamuike kutsogolo, avulazitsa anzake."

Khomo linali litatseguka lokha. A Tobias akanangokhala chete, kugwedeza mutu pang'ono, kuvala chipewa, Luke akanatsala pomwe anali mpaka chaka chitatha. Kukhala chete si kunama. Anayesa ndithu. Anameza malovu kawiri, anayang'ana kalendala, anawerenga masiku a October mpaka pa khumi ndi awiri. Koma mwana analeredwa m'nyumba mwawo.

"Mukuti chiyani?"

"Ndati mwina sakumva."

"Umenewo ndi ulemu, mayi. Mwana woleredwa sayang'ana wamkulu m'maso ngati akufuna ndewu. Ndinamuphunzitsa ndine. Ku Chipata sanakuuzeni?"

"Amama amakamba zimenezo. Ndimaganiza ni za kale."

"Za kale? Ndipo mukuti sadziwa ma play? Buku lanu la ma play lija lili m'mutu mwake lonse. Patebulo panga sitidya mwamtendere. Masipuni ndi otchinga, botolo la mchere ndi woponya mpira, iye ndi ka tsabola. Amandionetsa komwe aliyense apite, ndi komwe Malcolm wanuyo amalakwitsa podikira mpata. Akazi anga amafuna mchere mpaka kukaupeza pa mayadi makumi awiri. Mwana ameneyo kusukulu sanakhalepo pansi pa nambala thuu, ndiye inu mukuti samva?"

Kamaginito kanalira kuti tha, pamwamba pa Harry.

A Tobias anayang'ana bolodi. Luke, Harry, Owen, Malcolm.

"Mwatani?"

"Ayamba Loweruka. Harry azilowa tikafuna yadi imodzi kapena kutchinga. Ankolo, ndikuthokozani. Makolo ambiri amabwera muno kukuwa chabe. Inu mwabwera ndi umboni."

"Bwezani."

"Ndibweze chiyani?"

"Bwezani mwanayo pomwe munamupeza."

"Chifukwa?"

Ndiye a Tobias anachita chimene sanachitepo chibadwire: ananena nkhani mwachindunji. Chipewa anachiika patebulo. Ananena za bwalo la ndege, za mlongo wawo amene ali ndi mwana mmodzi yekhayo, bambo a mwanayo atamwalira, ndi za mmene anawagwirira dzanja osalisiya mpaka ataitana okwera. Ananena za anyamata amene amawasambitsa m'wodi, mawondo ali ndi zitsulo, amayi awo atakhala pambali pa bedi osadziwa poyika maso. Mlongo wawo akaimba foni amamuuza kuti Luke ali m'timu koma amangokhala pabenchi, palibe chomukhudza, ndipo mlongoyo amati chabwino achimwene, Mulungu akudalitseni.

"Ine ndine mwini mbumba," anamaliza. "China chikamuchitikira, ndidzauyang'ana bwanji mudzi? Ndikuopa, akochi. Ndabwera kudzapempha kuti asasewere."

Christabel anakhala pansi. Kwa nthawi yoyamba sanayang'ane wotchi, ngakhale three inali itakwana.

"Bwanji simunakambe poyamba?"

"Ndakhala ndikunena chilowereni muno."

"Munati mumangodutsa."

"Eya. Munthu wodutsa ku North York akuchokera ku Mississauga kupita ku Mississauga, simunadabwe?"

"Ndinadabwa. Ndinaganiza simudziwa mabasi."

 Panja anyamata anali atayamba kale kugundana, ndipo phokoso la zipewa zawo linkamveka mpaka mu ofesimo. 

"Mlongo wanuyo," anatero Christabel, "ni mayi Agnes a ku Dedza?"

"Mumawadziwa bwanji?"

"Amanditumizira voice note Lolemba lililonse. Nambala anawapatsa Luke. Game amaonera pa foni, kwawo imakhala seveni madzulo."

"Agnes? Agnes sadziwa ngakhale kuti mpirawu umagwidwa ndi manja."

Christabel anatulutsa foni, n'kufufuza pang'ono, n'kuiika patebulo pambali pa chipewa. Mawu a mayi Agnes anadzaza kaofesiko, kumbuyo kwake tambala akulira.

"Akochi, ndine ndemwe uja. Ndaonera. Malcolm wanuyo wagwetsanso, n'kachitatu tsopano, ndikuwerenga. Harry amathamanga ngati wasenza nkhuni. Mwana wanga sanapite ku Canada kukalondera benchi, mumuyese kamodzi kokha. Koma chonde musawauze achimwene anga a Tobias. Ali ndi BP, ndipo mwanayu amamukonda mopitirira. Ine ndimangowavomera kuti eya, pabenchi n'pabwino, kuti mtima wawo ukhale pansi."

Foni inakhala chete. A Tobias anaiyang'ana ngati yawaluma.

"Anati musandiuze."

"Sindinakuuzeni. Akuuzani okha."

"Ndiye zaka zonsezi ine ndikuteteza Agnes, Agnes akuteteza ine."

"Zikuoneka choncho."

"Nanga bwanji simunamukweze kale, mayi ake akukuvutitsani chonchi?"

"Amayi onse amati mwana wawo ni wabwino. Inu ndinu woyamba kubwera kudzamunyoza, ndiye ndakukhulupirirani."

A Tobias anaseka, kuseka kwa munthu amene wapunthwa pa mwala umene anauika yekha. Kenako maso anawatentha, ndipo anatenga chipewa n'kuyamba kuchikonza mphepete ngakhale chinali bwinobwino. Anaona kuti lonjezo lija linali lawo okha. Mwini mwana anali atalimasula kalekale, ndipo mantha amene anakwera nawo mabasi awiri sanali a ku Dedza ayi.

Christabel anapita pabolodi n'kugwiranso kamaginito kaja.

"Sindingakulonjezeni kuti sadzavulala," anatero. "Mpirawu umavulaza, mukudziwa kuposa ine. Chimene ndingakuuzeni n'chakuti amene amaona mpata msanga sagundidwa kwambiri ngati amene amaima. Koma ngati banja silikufuna, ndikamba naye Luke, ni wamkulu, asankhe yekha. Pakadali pano ndimubweze pansi pa Harry?"

"Pansi pa ndani?"

"Harry."

"Harry wa mayadi atatu? Mwana wa mazira makumi atatu mumuike pansi pa munthu wosenza nkhuni? Chotsani dzanja pamenepo, mayi."

Christabel anachotsa dzanja.

A Tobias anaimirira, n'kuvala chipewa, n'kuyenda mpaka pakhomo. Atafika pamenepo anatembenuka.

"Malo ake aja pabenchi, musapatse munthu."

"Pabenchi pamakhala osewera ndi a chithandizo choyamba chabe, ankolo. Ni lamulo."

"Ndine nesi wa mafupa zaka makumi awiri ndi ziwiri. Ndipatseni fomu."

Christabel anatsegula kabati, n'kutulutsa pepala. "Pali funso apa. Chifukwa chofunira kudzipereka. Ndilembe chiyani?"

"Lembani zoona," anatero a Tobias. "Ndakhala ndikuuza mlongo wanga kuti wa m'banja mwathu amakhala pabenchi, ndipo mwa tonse atatu woyenera kukhalapo ndine."